Kamfuti ka Achimwene a Sabzali

Achimwene anga a Sabzali atalowa mu tiyirumu ya a Nowruz kamfuti kali paphewa, anthu anayamba aleka kumwa tiyi. Kenako a Zolfali anaphulika kuseka, ndipo aliyense anapeza poyambira.

"Asewele, mwalanda mwana wa yani choseweretsa chimenecho?"

A Zolfali anali a mudzi wa kuseri kwa phiri. Mwana wawo Barat ankakwatira Golnesa, chitsirizira cha achimwene, anthu a kuchigwa akangomaliza kukolola mpunga. Tsiku limenelo anabwera kudzakambirana za ukwatiwo, koma munthuyo anali wa pakamwa, ndipo sakanalola nkhani yokoma chonchi imudutse.

Achimwene anakhala pansi, n'kuika kamfutiko pamiyendo. Kanali kamfuti kaja timakatcha khafif, kamene alimi a kuchigwa amaphera mbalame zodya mpunga. Kakalira kamangoti thwa, ngati wathyola kamtengo kouma.

Pabanja pathu pali mwambo umene anauyamba ndi agogo athu aamuna. Mwana wamkazi akamakwatiwa, alendo amadya nyama ya maral, mbawala yaikulu ya m'nkhalango zathu ya nyanga zanthambi, ndipo imayenera kuphedwa ndi dzanja la bambo wa mkwatibwi. Ana aakazi ena onse a achimwene anachoka pakhomo motero. Koma m'nyengo yozizira ya chaka chimenecho achimwene anagwa mumtengo akudulira ng'ombe masamba, phewa lakumanja n'kuthyoka. Linalumikizana mokhota. Atayesa kuwombera Berno yawo, mfuti yaikulu ya asilikali akale imene inawaphera maral zonsezo, inawakankha mpaka anagwa chagada, ndipo anakhala pansi nthawi yaitali akulira mosatulutsa mawu. Ndinalipo ndi ine ndekha, ndipo sindinauze munthu.

"Chimapha nyama si kukula kwa chipolopolo," anatero achimwene. Anatulutsa kachipolopolo kamodzi, kochepa ngati njere ya nyemba, n'kukaimika pathebulo. "Chimapha ndi pamene chalowera. Kuseri kwa khutu pali kamalo kofewa. Ukapeza pamenepo, ngakhale ngamira imagwada."

"Ndiye mukaipempha kuti, pepani a maral, tapendeketsani mutu?"

Anthu anasekanso, wina mpaka kutsamwa ndi chibulumwa cha shuga chimene anachiluma m'mano.

"Maral mukailasa ndi kameneka," anapitiriza a Zolfali, "imangotembenuka n'kufunsa anzake kuti, kodi akundiponyera timiyala ndani?"

A Nowruz, eni tiyirumu, sanaseke. Anabwera ndi ketulo n'kunena modekha kuti: "Sabzali, mwana wa amalume anga, zosekazi zisiye. Ine mantha anga ndi akuti nyama ikathawa ndi bala, ikafera kuchigwembe, udzaipeza mawa lake ili chibudu. Sudzadya iwe, sadzadya mlendo, ndipo cholengedwa cha Mulungu chidzakhala chavutika usiku wonse pachabe. Limenelo ndi tchimo."

"Sindiwombera pamimba ine. Ndikapanda kuona khutu, sindiwombera."

Pamenepo nkhani ikadatha bwinobwino. Koma a Zolfali anatambasula miyendo, n'kunena mawu amene sindidzawakhululukira msanga.

"Musadzivutitse, asewele. Ukalamba si mlandu. Nyamayo ndikabweretsa ndine ndi Berno yanga, inu mudzangokhala pa kapeti n'kumalandira alendo."

Ndinaona khosi la achimwene likufiira. Anakweza dzanja, anazula tsitsi limodzi la ndevu zapamlomo, n'kuliika m'sosala patsogolo pa a Zolfali. Kwathu munthu akatero ndiye kuti waikapo ulemu wake wonse.

"Pa ukwati wa mwana wanga mudzadya maral yophedwa ndi dzanja ili, ndi mfuti iyi."

Kenako maso onse anatembenukira kwa ine, chifukwa woyitana ndinali ine.

Nyengo ya kubangula ikafika, masamba atangoyamba kufiira, maral yamphongo imasonkhanitsa zazikazi n'kumabangula kuti phiri lonse lidziwe mwini wake. Ikamva mnzake akubangula pafupi, nzeru zimaithera, imabwera kudzamenyana. Ntchito yanga inali kukhala mnzakeyo. Ndinali ndi nyanga ya ng'ombe yoboola kunsonga, ndipo sindikubisa, kuyambira kumtsinje wathu mpaka kumtunda kumene kumayambira chipale chofewa kunalibe wina wobangula ngati ine. Oyitana onse a midzi yozungulira ndinkawadziwa mawu awo, ndipo ndinkawaseka onse.

"Nanga iwe Shaban ukuti bwanji?" anafunsa a Nowruz.

"Ine ndikuti tiyi wanuyu wazizira."

Pamaso pa alendo sindikanatsutsa achimwene. Koma titangotuluka, tili panjira awiriwiri, ndinawamasulira zonse.

"Achimwene, mwapenga? Kamfuti kameneka sikangaphe maral. Ndaonapo yamphongo italasidwa ndi Berno pachifuwa n'kuthamangabe mpaka kutsidya kwa khwawa. Nanga kanjere kanuka?"

"Iwe ungoibweretsa pafupi."

"Pafupi bwanji?"

"Pafupi moti ndikhoza kuilavulira."

"Ndiye bwanji osangotenga mpeni, tikaimete ndevu?"

Anangopitiriza kuyenda, phewa lokhotalo lili patsogolo.

Kunyumba alamu anga a Kolsum anali atamva kale, poti nkhani za mu tiyirumu zimafika pakhomo mwini wake asanafike. Anawakalipira akusankha mpunga, osakweza n'komwe mutu. Golnesa ndiye anabwera n'kugwada pafupi ndi bambo ake.

"Bambo, nkhosa zilipo. Ine sindikufuna maral. Ndikufuna mudzakhalepo muli bwino."

"Azikulu ako onse anachoka pano alendo akunyambita zala," anatero achimwene. "Iwe wekha udzachoke ndi nkhosa, anthu azidzati Sabzali anathera pa mwana womaliza?"

"Bambo aang'ono, tawauzani inu."

Ndinangoyang'ana kudenga. Ndinali nditamva mawu awo akunjenjemera ponena kuti anathera, ndipo chisoni chinandigwira kuposa mkwiyo.

Masiku otsatira achimwene ankakhalira kuseri kwa khola, kukoleka timaapozi takutchire pa ulusi n'kumatiwombera. Zoona zinenedwe, diso linali likadalipo. Kaapozi kalikonse kankaphulika, ndipo iwo ankatembenuka kundiyang'ana ngati mwana wofuna kuyamikiridwa. Ine ndinkangoti, "Apozi alibe miyendo," n'kuchokapo.

Tinakwera phiri ukwati utatsala pang'ono. Tinkagona mumsasa wa abusa a ng'ombe, n'kumatuluka kusanache. M'mawa woyamba kunali mphepo yosokonekera, ndipo nyama zinatinunkhiza tisanayambe n'komwe. Tsiku lina inayankha yaing'ono ya mawu opyapyala, koma itamva kukula kwa mawu anga inachita mantha n'kuthawa. Achimwene anandidzudzula kuti ndimabangula monyada. Ndinawayankha kuti sindinaphunzire kubangula mopepesa. Nyengo inali kutha, usiku maral zinkamveka mwa apo ndi apo, ndipo mkate umene alamu anatimangira unali utauma.

M'mawa wina kunacha ndi nkhungu yothithikana, mphepo itaima. Tinatsikira ku dambo laling'ono lozunguliridwa ndi mitengo ikuluikulu, kumene kuli chithaphwi chimene zamphongo zimagubuduzikamo. Matope ake anali ovundulidwa chatsopano, ndipo fungo la mkodzo wa yamphongo linali ponseponse. Tinayang'anana, ndipo achimwene anamwetulira koyamba sabata imeneyo.

Ndinaika nyanga pakamwa. Ndinayamba pansipansi, ngati ng'ombe yodandaula, kenako ndinakweza mpaka nthiti kupweteka, n'kumalizira ndi kutsokomola katatu kuja kumene yamphongo imachita ikamanyoza mnzake. Mawu anayenda m'nkhungu mpaka kutsidya.

Ndiye inayankha.

Mayo ine, mawu amenewo! Anachokera kutsidya kwa dambo, kumtunda pang'ono, okuya, osasa, okhala ndi kakulira kena kumapeto kamene ndinali ndisanakamvepo.

"Achimwene," ndinanong'ona, "imeneyo ndi nkhalamba. Ndi yaikulu. Nyanga zake sizingalowe pakhomo panu."

"Ukutsimikiza?"

"Mukundifunsa ine?"

Maso awo anawala. Anandigwira pamkono, dzanja lawo likutentha, kenako anayamba kukwawa m'mphepete mwa dambo kulowera kumanzere, mpaka anakabisala kuseri kwa mtengo waukulu woyandikana ndi chithaphwi. Ine ndinagwada kuseri kwa chipika chowola, m'tchire lofika m'chiuno, kumunsi kwa dambolo. Tikadakhala ndi Berno, achimwene akadakhala patali pamalo okwera n'kungodikira nyama ionekere. Ndi kamfuti aka anayenera kukhala pakhomo penipeni pa nkhondo.

Ndinabangulanso, ndipo inayankha ndisanatsirize. Inandidula mawu! Yamphongo ikakudula mawu ndiye kuti yapsa mtima. Ndinatola chikuni n'kuyamba kukwapula nthambi ndi kupala khungwa, ngati nyanga zikunoledwa pamtengo. Kutsidyako nakonso nthambi zinayamba kuthyoka. Ndinaitukwana ndi nyanga yanga, inandibwezera. Ndinaitukwanira amake ndi agogo ake, inabwezanso, ulendo uno ili pafupi. Thukuta linkandiyenderera m'khosi m'mawa wozizira chonchija. Ndinkafuna kuseka, ndinkafuna kufuula. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanakokepo nyama mokoma chotero.

Kenako phiri linang'ambika kumtunda kwathu.

Awa anali mawu ena, achitatu. Sanalowere m'makutu, analowera pachifuwa. Mbalame zinabalalika m'mitengo, ndipo pansi pa mawondo anga ndinamva nthaka ikunthunthumira. Ndinati, Mulungu wamkulu, zilipo ziwiri! Mwini dambo wamva alendo akukangana pabwalo pake, ndipo akubwera kudzatithamangitsa tonse.

Inatsika osabisala n'komwe. Ndinamva miyala ikugubuduzika, nthambi zikuthyoka, kenako nkhungu inatseguka n'kuitulutsa. Khosi lake linali lakuda ndi matope, lotupa, ubweya ukudontha. Nyanga zinatambasuka kuposa mikono yanga yonse iwiri, nsonga zake zoyera, udzu ukulendewera pa nthambi imodzi. Mpweya unkatuluka m'mphuno ngati utsi. Inalowa pakati pa dambo n'kuima pambali pa chithaphwi, nthiti zake zitayang'ana kwa ine, nkhope italunjika kumtengo kumene kunali achimwene.

Pafupi ankafuna paja panakwana. Akadailavulira ndithu.

Ndinkawaona bwinobwino kuchokera pamene ndinali. Kamfuti kanali kale paphewa, tsaya litagona pamtengo wake, ndipo sikankagwedezeka ngakhale pang'ono. Chifuwa chonse cha nyamayo chinali patsogolo pawo ngati chitseko. Ndi Berno nkhani ikadathera pomwepo, itangotulukira. Koma kanjere kaja pachifuwa chotero kakadangoiboola n'kuithawitsa, ndipo pachipumi fupa lake ndi lolimba, kakadangotsetsereka. Anafunika khutu. Anafunika kuti itembenuze mutu kuyang'ana kwa ine.

Anakweza chala chimodzi chakumanzere pang'onopang'ono. Chimenecho chinali chizindikiro chathu. Ndinabweretsa nyanga pakamwa n'kutulutsa kakubuula kakang'ono, kamwano.

Khutu linagwedezeka. Khosi linayamba kupindika, nyanga zikutembenuka pang'onopang'ono. Ndinaona milomo ya achimwene ikuyamba kuyenda, chifukwa mlenje amatchula dzina la Mulungu chipolopolo chisanatuluke, apo ayi nyamayo sidyedwa. Mumtima ndinkangoti, pang'ono pokha, mayi wanga, pang'ono pokha.

Mwadzidzidzi achimwene analumpha kuchoka kuseri kwa mtengo, mikono m'mwamba, kamfuti katagwa pansi.

"Musawombe! Kuli munthu uko! Musawombe!"

Nthawi yomweyo mfuti yaikulu inagunda kutsidya kwa dambo. Makungwa ndi masamba anandigwera pamutu. Maral inadumpha chithaphwi chonse ndi kulumpha kumodzi, inalowa m'nkhungu, ndipo tinangomva miyala ikugubuduzika kutali, kenako kutali kwambiri.

Poyamba sindinamvetse kanthu. Ndinaimirira ndili ndi mkwiyo woti ndikanaluma mwala, n'kuponya nyanga yanga pansi.

"Achimwene! Mwatani? Inali itatembenuka! Inali yanu!"

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana kutsidya, kumene tchire linali kugwedezeka. Munatuluka munthu wovala chikhoti chaubweya, Berno ikufuka utsi m'manja, ndipo pachifuwa pake pankalendewera galasi la nyali lomangidwa pa chingwe. Anali a Zolfali.

Ndinayang'ana galasilo, ndinayang'ana nkhope yawo, ndipo manyazi anandikwera kuchokera kumapazi. Kakulira kachilendo kaja kanali ka galasilo, limene ankabangulira monga ine ndi nyanga yanga. Ine Shaban, wodziwa mawu a oyitana onse, ndinali nditakhalira m'mawa wonse kutukwanizana ndi bambo wa mkamwini.

"Ndinu?" ndinafuula. "Nkhalamba ya nyanga zosalowa pakhomo ija ndinu?"

"Ndiwe, Shaban?" Mawu awo anatuluka opyapyala. "Ine ndimati ndi yamphongo yodwala chifuwa."

"Yodwala chifuwa? Ndiye mumaiyankhiranji mwaukali chonchija? Munaphunzira liti kubangula inu?"

"Ndili mnyamata, kwa amalume anga. Ndinali nditasiya kalekale."

"Mukadangosiyiratu!"

Achimwene sanalowerere pa mkanganowo. Anayenda mpaka pamene a Zolfali anabisala, anagwada pomwe panali popondekapo, n'kutiyitana ndi dzanja. Titafika anatambasula mkono kuloza. Kuchokera pamenepo, mzere unkadutsa pa mapazi a maral m'matope, n'kupitirira molunjika mpaka pa chipika chowola pamene ndinagwada ine. Chipolopolo cha Berno pamtunda waufupi chotero sichiima m'nthiti za nyama. Chimatulukira mbali ina n'kupitiriza ulendo.

"Ndinaona kamwa ya mfuti ikutuluka m'tchire," anatero achimwene. "Inu asewele simukanamuona Shaban, nyama inamutchinga."

Tinabwerera pa chipikacho. Mtengo wa kumbuyo kwake unali ndi bala loyera, latsopano, pamwamba pang'ono pa pamene panali mutu wanga. Kufuula kwa achimwene kunali kutawadzidzimutsa a Zolfali, mfuti n'kukwera. Ndinalowetsa chala m'bowolo. Kenako ndinakhala pansi m'matope.

A Zolfali anaika Berno pansi. Anagwira mutu wa achimwene ndi manja onse awiri n'kuwapsompsona pachipumi, kenako anabwera kwa ine n'kuchitanso chimodzimodzi, ndevu zawo zitanyowa ndi misozi.

"Ndikadalowa bwanji pakhomo panu?" ankangobwereza. "Mwana wanga akadamuyang'ana bwanji Golnesa?"

"Nanga mumadzatani kuno, kuphiri kwathu?" ndinafunsa.

"Ndimati ukwati usasowe nyama."

"Mumati mudzaonetse anthu kuti Berno ndi yanu."

Sanakane. Anapukuta nkhope ndi chipewa, kenako anatembenukira kwa achimwene.

"Asewele, tamvani. Mawa tikwere limodzi kuseri uko. Ine ndiwombera, inu mukanena kuti ndi yanu. Pakamwa panga ndikhoma, Shaban nayenso sanena."

Achimwene anatola kamfuti kawo, anachotsa matope ndi mkono wa malaya, n'kutulutsa kachipolopolo kaja.

"Alendo akhoza kudya bodza," anatero. "Ine ndingalimeze bwanji?"

Ngakhale akadavomera, sizikadathandiza. Madzulo omwewo mvula yoyamba inagwa, yozizira, yosalekeza, ndipo phiri lonse linakhala chete. Tinayesabe m'mawa wake, ndinabangula mpaka mawu kutha, koma sinayankhe ngakhale imodzi. Nyengo inali itatseka. Potsika achimwene ankayenda okha patsogolo, ndipo ine sindinapeze nthabwala iliyonse yowauza.

Ukwati unachitika pa tsiku lake. Tinapha nkhosa, alamu anaphika mpunga m'miphika ikuluikulu ya mkuwa, ng'oma ndi zitoliro zinalira mpaka agalu kuthawa pamudzi. Anyamata anagwetsana pabwalo, ndipo Barat, mkamwiniyo, anagwetsedwa ndi msuweni wake pamaso pa apongozi, anthu n'kuseka mpaka kugwirana. Nyama inakwanira aliyense, ndipo sindinamve mlendo ngakhale mmodzi akudandaula.

A Zolfali anachita zimene sindinkayembekezera. Anaimirira pakati pa amuna n'kufotokoza nkhani yonse, osadzibisira kanthu, kuyambira pa galasi la nyali mpaka pa bala la mumtengo. Anatsanzira mmene ine ndinkabangulira, anthu n'kugwa ndi kuseka, ine n'kulumbira kuti ndidzawabwezera. Pomaliza anati m'phiri lonseli mulibe mlenje woposa asewele awo. Amuna anawomba m'manja, a Nowruz anawakumbatira. Achimwene ankangogwedeza mutu mwaulemu, mbale yawo ili chidzadzire.

Ndiye mkangano wa mu tiyirumu unayambiranso pomwepo. Ena ankati kamfutiko ndi kamene kanandipulumutsa, chifukwa kanawakakamiza kudekha n'kuyang'ana, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena ankati ayi, akadakhala ndi mfuti yeniyeni nyama ikadagwa itangotulukira, a Zolfali asanaloze n'komwe. Onse ankanena zoona, ndipo onse ankafuula.

Dzuwa litapendeka anabweretsa hatchi ya mkwatibwi. Achimwene anamanga nsalu yokulungamo mkate m'chiuno mwa Golnesa monga amachitira bambo aliyense wa mkwatibwi kwathu, koma dzanja lakumanja linkavutika ndi mfundo, ndipo anaibwereza kangapo. Golnesa anawagwira manja onse awiri.

"Bambo, mwandibweretsera bambo aang'ono ali moyo. Mukufuna mundipatsenso chiyani?"

Anamukweza pa hatchi mothandizidwa ndi ine, ndipo tinaima pachipata mpaka ng'oma zinazimirira kuseri kwa phiri.

Alendo atachepa ndinawasowa. Ndinakawapeza kuseri kwa khola, atakhala pa chitsa, akusisita phewa. Ndinakhala pambali pawo. M'kholamo ng'ombe zinkabzikula.

"Sindidzakweranso, Shaban," anatero. "Mkono uwu wandiuza."

"Mudzakwera."

"Usandinyengerere ngati mwana." Anatembenuka kundiyang'ana. "Iwe unali kumunsi, unaiona bwino. Inali itayamba kutembenuka, eti?"

"Inali itatembenuka."

"Khutu ndinali nditaliona. Kamalo kaja ndinakaona, ubweya wake woyererako. Kanangotsala kupuma kumodzi. Ikadagwa, eti?"

Ndinakumbukira kukula kwa khosi lija, matope ouma pa ubweya, ndi kanjere kaja. Maganizo anga anali asanasinthe, ndipo mpaka lero sanasinthe. Koma munthu amene ankandifunsa anali atataya maral yake yomaliza chifukwa cha ine, ndipo ndinkamukonda kuposa mmene ndinkakondera kukhala wolondola.

"Ikadagwa, achimwene. Pomwepo, osaponya ngakhale mwendo."

Anandiyang'anitsitsa, maso atadzaza misozi, kenako anaseka pang'ono.

"Ukunama iwe," anatero. "Koma tanenanso."